Matepi awiri amene sanawerengekenso

Ntchito yanga yoyamba nditamaliza koleji inali pa kakampani kena ka makompyuta m'tauni ya Lusaka, m'chipinda cha pamwamba pa sitolo yogulitsa matayala. Tinalipo anayi: bwana, amuna awiri oyendayenda m'maofesi kukonza makina, ndi ine. Ndinkakhala ku komboni ya Kanyama ndi amayi anga m'nyumba ya zipinda ziwiri. M'mawa uliwonse ndinkakwera minibasi nditanyamula nsapato za kuntchito m'pulasitiki, chifukwa msewu wakwathu ukasiya matope umayamba fumbi.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, bwana anabwera ndi makatoni m'galimoto yake n'kutiuza kuti tiwakweze pamwamba. Munali matepi akale ozungulira, aakulu ngati mbale zodyera, onunkha chinyontho. Anachokera ku kampani ina yaikulu imene inatsekedwa ine ndikali mwana. Kampaniyo inali ndi sukulu yakeyake yophunzitsa ntchito zamanja: zamagetsi, zowotcherera zitsulo, zamapaipi, zokonza injini. Dzina la aliyense amene anaphunzira kumeneko, ntchito imene anaphunzira, chaka chimene anamaliza, nambala ya satifiketi yake ndi malikisi ake, zonsezi zinkasungidwa pa kompyuta yaikulu yodzaza chipinda chonse, imene anthu a ntchito yathu amati menifulemu. Makinawo anali atagulitsidwa kalekale ngati zitsulo zakutha, ndipo mabuku a mapepala anathera chiswe m'nyumba yosungiramo katundu. Chimene chinatsala ndi matepiwo, komanso kaofesi ka anthu awiri kamene kanasiyidwa kuti kazithandiza antchito akale akafuna makalata awo. Kaofesiko ndi kamene kanatipatsa ntchito yosamutsa zonse za m'matepimo kuti zilowe mu kompyuta yamakono.

Bwana anandisankha ine chifukwa anzanga aja sankakhazikika pansi. Ndinakondwa kwambiri. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo aka kanali koyamba kupatsidwa chinthu changachanga.

Kompyuta sidziwa zilembo. Imadziwa manambala okha, ndipo chilembo chilichonse chili ndi nambala yake imene anthu anapangana. Vuto linali lakuti makina akale aja anali ndi pangano lawo, lotchedwa EBCDIC, pamene makompyuta athu amatsata lina, lotchedwa ASCII. Kwa akalewo chilembo A ndi 193, kwa athuwa ndi 65. Mpata wa pakati pa mawu kwa akalewo ndi 64, koma 64 kwa athuwa ndi kachizindikiro kaja kozungulira ka mu adiresi ya imelo. Ndiye ukatsegula zakalezo osazimasulira, tsamba lonse limangodzaza tizizindikiro timeneti ndi zokhotakhota zina zosawerengeka. Kumasulirako kumamveka kophweka: pali ndandanda, nambala iyi isanduke iyi, iyi isanduke iyo. Ku koleji tinaziphunzira tsiku limodzi lokha, ndipo ine ndinkadziona ngati ndazidziwa zonse.

Makina owerengera matepi bwana anachita kubwereka kwa mnzake, amene anawafuna mwezi usanathe. Ankayenda pang'onopang'ono, ndipo masiku amenewo magetsi ankazima pafupifupi masana aliwonse. Pulogalamu yake inkapereka njira ziwiri: kukopera za m'tepi momwe zilili, kapena kumasulira pompo pamene ukuwerenga. Ndinasankha yachiwiri kuti ntchito ichepe. Sindinasunge zosamasulira ngakhale za tepi imodzi. Palibe amene anandiuza kuti ndisunge, koma nanenso sindinafunse aliyense.

Ndikatha tepi iliyonse ndinkatsegula kuti ndione. Kumanzere kwa sikirini zonse zinali bwinobwino, mayina a anthu ali pamzere, ntchito zawo zikuwerengeka. Mizereyo inali yaitali, yopitirira mpaka kubisala kumanja. Kangapo ndinasuzumira kumanjako ndipo ndinaona zizindikiro za mafunso zambiri, ndi tinthu tina ngati 7D ndi 6A kumapeto. Ndinadziuza kuti ndi zinyalala za makina akale, zopanda ntchito kwa munthu. Matepi ena ankasiya fumbi lofiirira pa mutu wa makinawo, ine n'kumangopukuta ndi thonje loviika mu sipiriti. Sindinkadziwa kuti fumbilo ndi tepi yeniyeniyo ikusupuka. Mwezi usanathe ndinamaliza, ndinasaina pepala lakuti ntchito yatha bwino, ndipo bwana anandiyamikira pamaso pa anzanga.

Mvula ya chaka chimenecho inabwera yambiri. Mu Febuluwale madzi analowa m'nyumba za mzere wathu wonse mpaka kufika m'mawondo, ndipo anakhala masiku osaphwa. Ife tinakweza matiresi pa tebulo n'kupita kukagona kwa achibale ku Matero.

Khoma lathu tinkagawana ndi bambo wina wa zamagetsi, amene kwawo kunali kumpoto, kuchigawo cha Northern, koma anakulira mu Lusaka momwemo. Anali wa zaka zopitirira makumi asanu, wosalankhulalankhula, wokonza mbaula, maayironi ndi mawaya a m'nyumba za anthu m'komboni. Bambo anga atamwalira, iwo ndi amene ankatikonzera chilichonse chikawonongeka, nthawi zina tisanawapemphe n'komwe. Tinkangowatchula kuti ba neba. Mapepala awo onse ankasunga m'sutikesi pansi pa bedi. Titabwerera kuchokera ku Matero ndinapeza akazi awo akuyala mapepalawo pa lata padzuwa, koma ambiri anali atagwirana ngati phala louma, inki itasungunuka.

Nthawi yomweyo kampani ina yomanga nyumba zazikulu chakum'mawa kwa tauni inawalonjeza ntchito yokhazikika, yoyamba pa zaka zambiri. Inangofuna umboni wakuti anaphunziradi zamagetsi, ndipo inawapatsa masabata awiri. Ine sindinkadziwa kuti ba neba anaphunzira pa sukulu ya kampani yotsekedwa ija. Ndinadziwa Lachiwiri lina madzulo nditangotsika basi, pamene ndinawapeza akundidikira pa geti ndi pepala m'manja. Anali atapita ku kaofesi kaja, ndipo kalaliki wa kumeneko anawasindikizira pepala koma anakana kulidinda.

"Ba sisi, imwe muziba va makompyuta," anatero. "Onani apa. Zina ni yanga, nchito ni yanga. Manje ivi vinangu ni vichani?"

Ndinalandira pepalalo. Mutu wake ndinauzindikira pompo, chifukwa ndinaukonza ndine. Pamalo a chaka chomaliza maphunziro panali zizindikiro za mafunso. Pamalo a nambala ya satifiketi panalinso zomwezo, ndi kachilembo kamodzi kosochera pakati. Ndinawauza kuti ndiona zimene ndingachite, ndipo ndinalowa m'nyumba osawauza china. Amayi anandifunsa ngati ndadwala. Ndinati ndatopa chabe.

M'mawa mwake ndinatsegula mafayilo onse kuntchito n'kupita kumanja kwenikweni kwa mizere, kumene ndinayenera kuyang'anitsitsa miyezi inayi yapitayo. Panalibe mzere ndi umodzi womwe wokhala ndi chaka kapena nambala yowerengeka. Anthu onse a sukulu ija ndinawasiyira mayina ndi ntchito zokha. Ndinapita pa desiki ya bwana n'kuwauza. Sanakalipe. Anavula magalasi, kenaka anafunsa ngati ndinasunga zosamasulira. Nditayankha kuti ayi, ananyamula foni kuyimbira mnzawo wa makina uja.

Mwayi umene tinali nawo unali wakuti matepiwo anali akadali pansi pa masitepe athu, poti kaofesi kaja kanalibe malo owasungira. Makina atabwera ndinayambiranso, ulendo uno ndikukopera zonse momwe zilili, osakhudza kanthu. Matepi ambiri anawerengeka, ena movutikira. Awiri anakana. Yoyamba inangoyenda pang'ono n'kumatirira, ndipo nditaimitsa makina ndinaona kuti khungu lake lofiirira latsalira pa zitsulo, tepi yangotsala pulasitiki woonekera mkati. Yachiwiri inachitanso chimodzimodzi. Mwini makina anati matepi okalamba otere nthawi zina amalola kuwerengedwa kamodzi kokha, ndipo kamodziko ine ndinali nditakagwiritsa kale ntchito. Pa mabokosi awo panalibe chaka, panali nambala ya pa shelefu yokha, ndipo buku lofotokoza manambalawo linapita ndi chiswe chija. Nditafufuza ndinapeza kuti dzina la ba neba linali pa tepi yachiwiriyo.

Loweruka m'mawa ndinapita kuseri kwawo. Anali atakhala pa njerwa akumasula mbaula ya munthu, akazi awo akuchapa chapafupi. Ndinagwada pambali n'kuwauza zonse mwatsatanetsatane: kuti ntchito yosamutsa ija anaipatsa ine, kuti ndinafulumira, kuti ndinaona zizindikirozo koma sindinazilabadire, ndiponso kuti tepi yawo yawonongeka. Anapitiriza kuzungulitsa sikuludiraiva mpaka sikuluwu inatuluka, n'kuiika bwinobwino m'chivindikiro cha botolo.

"Kanshi ni imwe munasebenzapo," anatero. Kenaka anawonjezera kuti, "Mwachita bwino kuniuza. Sembe nayenda nikuzungulira ma ofesi mahala."

Akazi awo anatsanula madzi ochapira n'kulowa m'nyumba, ndipo kuyambira tsiku limenelo anatha miyezi yambiri osandiyankha moni. Sindinawadandaule. Masabata awiri aja anatha, ndipo ntchito ija anapatsidwa munthu wina.

Panali patatsala vuto lina. Ngakhale matepi amene anawerengekanso, manambala ake sindinkatha kuwamasula. Zilembo zinkatuluka ndikagwiritsa ndandanda ija, koma pofika pa chaka ndi nambala ya satifiketi zonse zinkasokonekera. Panalibe pepala lililonse lofotokoza mmene mizereyo anaikonzera. Kalaliki wa kaofesi kaja, mayi wachikulire amene anagwirapo ntchito ku kampani yotsekedwayo, ndi amene anakumbukira kuti munthu amene ankayendetsa makina aakulu aja ali moyo. Anati amakhala ku Chawama, ndi Msilamu, mwana wa telala, ndipo ndikafunse kwa matelala a pafupi ndi mzikiti.

Ndinapita Loweruka lotsatira nditanyamula laputopu m'chikwama cha msika kuti isaonekere. Telala wachitatu amene ndinamufunsa anandilozera nyumba ya geti lobiriwira. Ndinapeza bambo wokalamba, wochepa thupi, atavala kachisoti koyera, atakhala pa mpando pakhonde. Akazi awo ankasoka mayunifolomu a sukulu pa makina opalasa ndi mwendo m'chipinda chakutsogolo. Bambowo anali atasiya kuona chifukwa cha matenda a shuga. Anabwera ku Lusaka ali mwana kuchokera ku Malawi pamodzi ndi makolo awo, ndipo ankalankhula Chichewa chakwawo, chodekha, chosiyana ndi chathu cha m'komboni.

Nditadzifotokoza ndi kunena chimene ndabwerera, anafunsa mafunso awiri okha: ngati ndili ndi zosamasulira, ndiponso ngati ndingathe kuwawerengera manambala ake mmodzimmodzi. Ndinatsegula laputopu pa miyendo panga n'kuyamba kuwerenga mzere woyamba kuchokera kumayambiriro. Iwo ankawerengera malo ndi zala pa bondo. Pamene ndinkatchula manambala a dzina, ankatchula zilembo zake ine ndisanamalize. Titadutsa dzina ndi ntchito anakweza dzanja kuti ndiime, nandiuza kuti ndibwereze manambala atatu otsatira pang'onopang'ono.

"Apo si mawu, mwana wanga," anatero. "Munamasulira zinthu zimene sizinali mawu."

Anandifotokozera kuti masiku awo malo osungira zinthu mu kompyuta anali ochepa kwambiri, choncho manambala ataliatali monga chaka ndi nambala ya satifiketi ankawapanikiza awiriawiri pamalo amodzi. Malo amenewo sayenera kudutsa pa ndandanda ya zilembo ayi, amafunika kuwaphwasula paokha. Ine ndinadutsitsa mzere wonse pa ndandanda ngati kuti wonse ndi mawu. Pulogalamu ija ikakumana ndi nambala imene ilibe chilembo, inkangoikapo chizindikiro cha funso. Manambala ambirimbiri osiyana anasanduka chizindikiro chimodzi chomwecho, ndiye panalibe njira yobwerera m'mbuyo kuti udziwe chimene chinalipo. Anazinena mosandinyoza, ngati mmene munthu angakuuzire kuti basi ya ku Chilenje imakwererwa mbali iyi osati iyo. Ananenanso kuti iwo omwe ali achinyamata anafufutapo tepi yolakwika, ndipo anatha mwezi wathunthu akulembanso zonse kuchokera m'mabuku. Kusiyana kwake, anatero, kunali kwakuti nthawi imeneyo mabukuwo analipo.

Ndinapita kwawo Maloweruka atatu otsatizana. Ndinkafika m'mawa, kuwerenga, iwo n'kumakumbukira: malo akutiakuti ndi dzina, otsatira ndi ntchito, kenaka tsiku lobadwa, chaka chomaliza, nambala ya satifiketi. Ndinkalemba zonse m'kope. Nthawi ya swala, mapemphero awo, ikakwana ankaimirira, kugwira khoma mpaka kukalowa m'nyumba, ine n'kutsala ndi akazi awo, amene ankandipatsa tiyi ndi zitumbuwa n'kumandifunsa za amayi anga. Tsiku lina anasokoneza malo awiri, zaka zonse n'kutuluka zosamveka, anthu akumaliza sukulu asanabadwe. Sabata yotsatira anandilandira ndi mawu akuti akhala akuziganizira masiku onsewa, ndipo pakati pa malo awiriwo panali kamalo kamodzi kopanda kanthu kamene anakaiwala. Titakawerengera, zonse zinakhala m'malo mwake. Ndinaona zaka zenizeni ndi manambala enieni akutsika pa sikirini, mzere ndi mzere. Ndinawauza, ndipo anangogwedeza mutu.

Loweruka lachitatulo ndi pamene ndinawauza za matepi awiri aja ndi za ba neba. Sindinkayembekeza kanthu, ndinkangofuna kuti wina wodziwa ntchitoyi amve. Anandiuza kuti ndiwawerengere mzere wowonongekawo momwe ulili. Ndinawerenga dzina, ntchito, kenaka funso, funso, funso, mpaka kumapeto kumene kunali 7D.

"Bwerezani chomalizacho."

"Seveni, ndi chilembo D, ba tate. Ni vinyalala chabe."

"Si zinyalala. Amenewo ndi malikisi ake."

Anafotokoza kuti malikisi okha sankawapanikiza, popeza anali manambala awiri basi. Koma nambala yomaliza makinawo ankaiphatikiza ndi chizindikiro chosonyeza kuti ndi nambala yoonjezera osati yochotsera, ndipo ikamasuliridwa ngati mawu imaoneka ngati chilembo. A ndi wani, B ndi thuu, C ndi firii, D ndi folo, mpaka I amene ndi naini. Choncho 7D ndi 74. Anati mnansi wanuyo anakhoza, ndipo anakhoza bwino ndithu. Tinthu timene ndinkatiyesa zinyalala tija tinali malikisi a anthu onse a pa matepi awiriwo, ndipo tinapulumuka tonse.

Ndinawafunsa ngati sangathe kuganizira chaka kuchokera pa kachilembo kosochera kaja pakati pa mafunso. Anayesa, akuwerengera pa zala, ndipo anati kachilemboko kakupereka manambala awiri a pakati pa nambala ya satifiketi, koma za chaka palibe chatsala. Ndinati ba neba akukumbukira chaka chimene anamaliza, bwanji tingolemba chimenecho. Anakana. Anati mwiniwake akhoza kunena ndi pakamwa pake kwa amene akumufunsa, koma ife sitingalembe pa pepala la ofesi ngati kuti tachiona mu tepi pamene sitinachione.

Zinanditengera milungu ina kuti ndikonze pulogalamu yomasulira malo aliwonse mwa njira yake, mawu ngati mawu, manambala opanikiza paokha, malikisi paokha. Ulendo uno ndinayang'ana mzere uliwonse mpaka kumapeto, ndipo kalaliki uja anaitana anthu angapo amene anali akadali ndi masatifiketi awo kuti tiyerekeze ndi zimene zatuluka. Zinagwirizana. Za matepi awiri aja, bwana ndi akuluakulu a kaofesiko anagwirizana kuti azilemba kalata yotchula dzina, ntchito ndi malikisi, ndi kunena poyera kuti chaka ndi nambala ya satifiketi zinatayika posamutsa zolembedwa. Bwana anafuna kuti kalatayo inene kuti zinatayika chifukwa cha kukalamba kwa matepi. Ndinawapempha kuti tisalembe choncho, chifukwa sizinali zoona zonse. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analola mawu akuti posamutsa. Sanandichotse ntchito, koma panapita chaka asanandipatsenso chinthu choti ndichite ndekha.

Kalata ya ba neba ndinakawapatsa ndekha. Anaiwerenga ataimirira pakhomo, nafika pa 74 n'kunena kuti iwo ankakumbukira 72. Anaseka pang'ono, koyamba kuchokera tsiku la pa geti lija. Anayenda nayo m'makampani angapo. Makampani akuluakulu ankafuna nambala ya satifiketi ndipo ankawabweza. Patapita nthawi kontirakitala wina wamng'ono amene ankakonzanso nyumba zakale ku Chilenje anailandira, nawalemba ntchito ya miyezi ingapo, kenaka ina ya miyezi ingapo. Ntchito yokhazikika ngati imene inawadutsa ija sanaipezenso. Mpaka pamene tinasamuka kuchoka ku Kanyama anali akukonzabe mbaula pa njerwa ija masiku amene kulibe kontirakiti. Sanandikumbutsepo za nkhaniyi ngakhale tsiku limodzi, ndipo nthawi zina ndinkalakalaka akanandikalipira.

Ntchito itatha ndinapitanso ku Chawama kukawauza bambo aja. Anapempha kuti ndiwawerengere mayina a pa matepi awiri owonongekawo. Ndinawerenga kwa ola lathunthu kapena kupitirira. Ambiri sankawadziwa, popeza iwo ankakhala m'chipinda cha makina osati m'kalasi, koma apa ndi apo ankandiimitsa n'kunena kuti uyu ankasewera mpira, uyu anapita ku migodi, uyu anamwalira pangozi ya basi. Ena ankangobwereza dzina lokha chapansipansi. Nditamaliza anandiuza kuti kope langa lija ndilitayipe bwinobwino, ndisiye pepala limodzi ku kaofesi kaja ndi lina kuntchito kwathu, chifukwa iwo sanasiye kanthu kolembedwa ndipo taona mmene zavutira. Ndinachita zimenezo sabata yomweyo.

Anamwalira m'nyengo yozizira ya chaka chomwecho. Kwawo amaika maliro tsiku lomwelo, choncho pamene uthenga unandipeza kudzera kwa kalaliki uja anali atagona kale m'manda masiku awiri. Ndinavala chitenje ndi duku n'kupita kukakhala ndi akazi awo aja. M'nyumba munali amayi ena ochepa, atakhala pa mphasa. Makina osokera anali atawakankhira kukhoma n'kuwafunditsa nsalu.

Anthu atachepa, akazi a malemuwo anandiyandikira n'kundifunsa chinthu chimene sindinkachiyembekeza. Anati akhala ndi amuna awo zaka zonsezi koma sanamvetsepo kuti ntchito yawo kwenikweni inali yotani. Chimene ankadziwa n'chakuti ankapita kuntchito ndi juzi ngakhale mu Okutobala, chifukwa m'chipinda cha makinamo munkazizira, ndipo ankabwera zala zili zii. Akawafunsa ankangoti amasamala mayina a anthu.

"Inu munkamvana nawo," anatero. "Tandiuzeni, ankachita chiyani kumeneko?"

Ndinayamba ndi matepi, kukula kwake ndi mmene ankawamangirira pa makina. Ndinawauza za zilembo zokhala ndi manambala, za manambala opanikizidwa awiriawiri, ndi mmene amuna awo anasungira zonsezo m'mutu zaka zambirimbiri makinawo atapita kale. Ndinawauzanso za anthu amene tsopano akulandira makalata awo ku kaofesi kaja, ndi za 74 wa ba neba. Sindikudziwa kuti anamva zochuluka bwanji. Anamvetsera mpaka kumapeto osandidula, manja ali pa miyendo, kenaka anafunsa ngati m'chipindamo ankakhala okha kapena ndi anzawo. Zimenezo sindinkazidziwa, ndipo ndinawauza kuti sindikudziwa. Tinakhala pamodzi mpaka mlamu wawo anabwera kudzawaitana kuti kwafika alendo ochokera ku Malawi. Ndinatsanzika, ndinavala nsapato pakhonde, n'kuyenda wapansi mpaka pa siteshoni ya mabasi.